The Police: anthu atatu, zimbale zisanu, ndi mmene ankajambulira

Gulu la The Police linatulutsa zimbale zisanu zokha, choyamba mu 1978 ndipo chomaliza mu 1983, kenaka linapasuka pa nthawi imene linali pamwamba penipeni. Munali anthu atatu: Sting, amene dzina lake lenileni ndi Gordon Sumner, pa besi ndi mawu, Andy Summers pa gitala, ndi Stewart Copeland pa ng'oma. Munthu akamvetsera zimbalezo motsatizana amamva chinthu chimodzi chikusintha pang'onopang'ono. Zoyambazo zili ndi mipata yambiri, malo amene palibe akuimba kalikonse. Zomalizazo mipata ija inadzaza, ndipo pomwe inkadzazapo n'kuti anthu atatuwo akutalikirana.

Chamba cha nyimbo zawo chimatchedwa new wave. Cha m'ma 1976 ndi 1977 ku London ndi ku New York kunabuka nyimbo za punk: zazifupi, zothamanga, za makodi atatu ndi ukali wambiri, zoimbidwa ndi achinyamata amene ankanyadira kusadziwa kuimba bwino. Mawayilesi ambiri ankaziopa. Pambuyo pake panabwera magulu amene anatenga liwiro ndi kufupika kwa punk koma n'kuikamo luso ndi makolasi okoma kukhutu, monga Blondie, Talking Heads ndi The Cars. The Police inalowa pakhomo la punk, koma kunena zoona sinali ya kumeneko. Copeland anali atamenya kale ng'oma mu gulu la Curved Air, loimba nyimbo zazitali zovuta. Sting anali mphunzitsi wa ana ku Cramlington, usiku n'kumaimba jazz ku Newcastle mu gulu la Last Exit, kumene Copeland anamuona kumapeto kwa 1976. Summers anabadwa mu 1942, zaka pafupifupi khumi anzakewo asanabadwe, ndipo anali ataimbapo ndi Zoot Money, Soft Machine komanso Eric Burdon and the Animals.

Poyamba wa gitala anali Henry Padovani wa ku Corsica. Ali ndi iye, anajambula singo yawo yoyamba, "Fall Out", mu February 1977 ku Pathway Studios pa mtengo wa £150, n'kuitulutsa pa kampani yawoyawo ya Illegal Records. Summers anakumana nawo chaka chomwecho kudzera mwa Mike Howlett wa gulu la Gong. Kwa kanthawi anakhala anayi, koma Summers sanafune kugawana gitala ndi munthu wina, ndipo pofika August 1977 Padovani anali atachoka.

Reggae inalowa bwanji

Mu 1977 Bob Marley ankakhala ku London atapulumuka zipolopolo ku Kingston mu December 1976, ndipo ndi kumeneko anajambula Exodus. Achinyamata a punk ankamvera reggae m'makalabu awo, makamaka ku Roxy kumene Don Letts ankaika malekodi a ku Jamaica pakati pa magulu. The Police inatengamo china chosiyana ndi chimene anzawo anatenga. Ena ankangoimbanso nyimbo za reggae mwaukali. Awa anatenga kamangidwe kake.

Mu rock wamba, powerenga kugunda kunayi, ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi imagwa pa 1 ndi 3, ndipo snare, ng'oma yaing'ono yolira mwakuthwa, imagwa pa 2 ndi 4. Mu reggae ya one drop, pa 1 sipakhala kanthu. Ng'oma yaikulu ndi kamtengo kogunda m'mphepete mwa snare zimagwera limodzi pa 3. Copeland, amene anakulira ku Beirut kumene bambo ake ankagwira ntchito ya CIA, wakhala akunena kuti kusiya kugunda koyamba kopanda kanthu anakudziwira mu ng'oma za Aarabu asanamve n'komwe reggae. Ndiye nyimbo zambiri zoyambirira anazimanga pawiri: vesi ikuyenda mwa reggae, yopepuka ndi yamipata, kolasi n'kuphulika mwa rock, snare itabwerera pa 2 ndi 4. "So Lonely" ndi "Can't Stand Losing You" ndi zitsanzo zoonekeratu. Ubwino wake kwa gulu la anthu atatu ndi woti kolasi imamveka yaikulu popanda kuwonjezera chida chilichonse. Imakula chifukwa vesi inali yopanda katundu.

Gulu la anthu atatu lili ngati mafuwa: onse atatu ndi ofunika kuti mphika ukhazikike, koma moto umayaka chifukwa cha mipata ya pakati pawo. Magulu ambiri oimbanso nyimbo za The Police amalakwitsa pomwepa. Wa kiyibodi amagwira makodi aatali kuti atseke pamene pakuoneka ngati pakusowa kanthu, wa gitala amakwapula nsambo zonse zisanu ndi imodzi, ndipo nyimbo imalemera n'kusiya kudumpha.

Outlandos d'Amour, 1978

Chimbale choyamba anachijambula ndi £1,500 zimene anabwereka kwa Miles Copeland, mkulu wake wa Stewart, amene pambuyo pake anakhala manijala wawo. Situdiyo inali Surrey Sound ku Leatherhead, kum'mwera kwa London, pamwamba pa malo ogulitsira mkaka. Mwini wake, Nigel Gray, anali dokotala wa anthu amene anasiya chipatala n'kutsata zojambula nyimbo. Oimbawo ankalowamo pa nthawi imene situdiyo ilibe kasitomala wina, choncho ntchito inatenga miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, ndipo ankajambula pa matepi akale ofufuta kuti asagule atsopano.

Makina ake anali a mathiraki 16. Tanthauzo lake pa ntchito ndi ili: ng'oma zokha kawirikawiri zimadya mathiraki asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, besi imodzi, gitala awiri, ndipo otsalawo ndi a mawu. Ukafuna kuwonjezera zina uyenera kusakaniza mathiraki angapo n'kuwathira pa imodzi, ndipo ukatero sungathenso kuwalekanitsa, komanso kaphokoso ka tepi kamawonjezeka. Ndiye njira yotsika mtengo inali kuimba onse atatu pamodzi, kusankha ulendo umene unayenda bwino, n'kuikapo mawu pamwamba. Kuuma ndi kuyera kwa chimbalecho kunachokera ku umphawi umenewu.

"Roxanne" Sting anailemba ku Paris mu October 1977, atagona pa hotela yotchipa pafupi ndi siteshoni ya Saint-Lazare kumene akazi oyendayenda ankaima usiku. Anaiyamba ngati bossa nova, kaimbidwe kofewa ka ku Brazil. Copeland ndi amene anaisandutsa kuti iziyenda ngati tango, gitala ikudula mwachidule pa kugunda kulikonse pamene besi ndi ng'oma yaikulu zikusiya kugunda koyamba n'kulowa mochedwerako. Kumayambiriro kwa nyimboyi kumamveka piyano yolira mosokonekera kenaka kuseka: Sting anakhalira makiyi a piyano osadziwa kuti chivundikiro n'chotsegula, ndipo anazisiya momwemo. Oimbawo sankaiwerengera kwenikweni chifukwa inali yozizira poyerekeza ndi punk. Miles ataimva anaitengera ku A&M Records, ndipo kampaniyo inavomera kuitulutsa ngati singo.

Apa Miles anachita chinthu chimene chinasintha chuma cha gululi. Sanapemphe ndalama zambiri zoyambira. Ndalama zoyambira zimene kampani imapatsa woimba ndi ngongole: imabwezedwa kuchokera pa gawo la woimbayo pa malonda a malekodi, ndipo mpaka itatha woimba salandira kanthu. Popeza chimbale chinali chitajambulidwa kale ndi ndalama zochepa, Miles anasankha gawo lalikulu pa lekodi iliyonse yogulidwa. Gulu lopanda ngongole limakhalanso ndi mphamvu yokana zofuna za kampani, ndipo mphamvuyo anaigwiritsa ntchito chaka chotsatira.

"Roxanne" itatuluka mu April 1978 sinalowe pa tchati cha ku Britain. "Can't Stand Losing You" inangofika pa nambala 42. Mu October 1978 anakwera ndege yotchipa ya Laker Skytrain kupita ku New York, anaimba ku kalabu ya CBGB, n'kuzungulira makalabu ang'onoang'ono pa galimoto imodzi ya vani, okha ndi zida zawo ndi mnzawo Kim Turner, mashoo oposa 20 pasanathe mwezi. Wowapezera malo oimbira anali Ian Copeland, m'bale wina wa Stewart. Mawayilesi a ku Austin ndi ku Boston anayamba kuiwulutsa "Roxanne", inafika pa nambala 32 ku America, ndipo A&M itaitulutsanso ku Britain mu 1979 inafika pa 12. "Can't Stand Losing You" itabwerezedwa inafika pa 2.

Reggatta de Blanc, 1979, ndi chinsinsi cha gitala

A&M inkafuna situdiyo yaikulu ndi wojambula wotchuka. Gululi linakana, linabwerera kwa Nigel Gray, amene tsopano anali ndi makina a mathiraki 24, ndipo chimbalecho chinadya ndalama zosafika £10,000. Chinatuluka mu October 1979 n'kufika pa nambala 1 ku Britain, limodzi ndi masingo awiri amene nawonso anafika pa 1, "Message in a Bottle" ndi "Walking on the Moon". Kwa ambiri odziwa kuimba ichi ndicho chimbale chawo chabwino koposa, ngakhale kuti analowa mu situdiyo alibe nyimbo zokwanira moti zina anazitola pa zakale za Last Exit ndi pa zimene ankangopeka pa siteji.

Gitala ya Summers inali Fender Telecaster yakale imene anagula kwa wophunzira wake ku California koyambirira kwa zaka za m'ma 1970, yokhala ndi pickup (kachida kotola mawu a nsambo) ya mtundu wa humbucker chakukhosi. Koma kamvekedwe kake kanachokera kwambiri pa kagwiridwe ka makodi. Makodi wamba amamangidwa ndi noti yoyamba, yachitatu ndi yachisanu ya sikelo, ndipo yachitatuyo ndi imene imauza khutu ngati makodiwo ndi a major kapena minor. Summers ankaichotsa yachitatuyo n'kuikapo ya nambala 9. Zotsatira zake ndi mawu otseguka, osasangalala komanso osalira, amene amasiyira woimba mawu ndi wa besi ufulu wosankha.

Pa "Message in a Bottle" zala zimayenda motere. Pa makodi a C#: chala cholozera pa fureti 4 ya nsambo ya A, chala chotsatira pa fureti 6 ya nsambo ya D, kachala kakang'ono pa fureti 8 ya nsambo ya G. Kenaka mawonekedwe omwewo amasamukira pa nsambo yaikulu ya E: mafureti 5, 7, 9 pa makodi a A; 7, 9, 11 pa makodi a B; ndi 2, 4, 6 pa makodi a F#, kachala kakang'ono n'kutsetsereka kupita pa 7. Manoti amaimbidwa imodziimodzi, pa liwiro la kugunda pafupifupi 150 pa mphindi. Chovuta ndi kutambasula dzanja mafureti asanu, makamaka pa F# kumene mafureti ndi otalikirana. Chala chachikulu chikakwera pamwamba pa khosi la gitala, kachala kakang'ono sikafika, ndipo dzanja limachita dzanzi nyimbo isanafike pakati. Chiyenera kukhala kuseri, pakati pa khosi, moyang'anizana ndi chala chapakati. Vuto lachiwiri ndi distortion, kukalipitsa mawu a gitala mwadala: ikachuluka, noti ya nambala 9 imamenyana ndi yoyamba ndipo zonse zimasanduka matope. Komanso pa lekodi pali gitala yachiwiri yoimba manoti ogwirizana pamwamba pa yoyambayo, n'chifukwa chake munthu mmodzi kunyumba amadabwa kuti akugwira bwinobwino koma sizikumveka zodzaza ngati pa lekodi.

Pakati pa gitala ndi ampulifaya panali zida zitatu zofunika. Choyamba compressor, imene imachepetsa kusiyana kwa noti yokwapulidwa mwamphamvu ndi yofewa, kuti noti iliyonse ikhalitse. Chachiwiri flanger ya Electric Mistress, imene imachititsa mawu kumveka ngati akuyenda mwamafunde, ndipo anthu ambiri amaiyesa chida china chofanana nayo chotchedwa chorus. Iyenera kuikidwa pa liwiro lotsika ndi feedback (mawu obwezeredwa m'chidacho) yochepa, apo ayi imalira ngati ndege. Chachitatu Echoplex, makina a echo ogwiritsa ntchito katepi kozungulira: mutu umodzi umajambula, wina umaseweretsa, ndipo kutalikirana kwa mitu iwiriyo ndi kumene kumasankha kuti mawu abwerere patapita nthawi yaitali bwanji.

"Walking on the Moon" ndi pamene zonsezi zimaonekera poyera. Besi imaimba manoti ochepa n'kukhala chete. Gitala imakwapula makodi amodzi owala, echo n'kuwanyamula kudutsa mpata wonsewo. Copeland nayenso ankadutsitsa hi-hat (masimbale awiri otsekedwa ndi phazi) ndi kamtengo ka m'mphepete mwa snare mu makina a echo, monga ankachitira akatswiri a dub, mtundu wa reggae wodzaza echo, ku Jamaica, kotero kuti theka la zimene khutu limamva ngati manja ndi makina akubwereza. Wofuna kuyesa zimenezi ayenera kuwerengera nthawi ya echo. Gawani 60,000 ndi liwiro la nyimbo kuti mupeze mamilisekondi a kugunda kumodzi: pa liwiro la 120 ndi 500. Mukaika echo pa 500 imagwera pamwamba pa kugunda kotsatira n'kubisala. Mukaika pa magawo atatu mwa anayi, 375, kapena awiri mwa atatu, 333, imagwera m'mipata n'kupanga kugunda kwatsopano. Zimene zimawonongeka n'zitatu. Woimba ng'oma akathamanga pang'ono, echo siimutsata, ndiye zimayamba kupunthana. Feedback ikakwera, zobwerezazo zimaunjikana mpaka kukwirira mawu. Ndipo ng'oma yaikulu ikalowa mu echo, pansi ponse pa nyimbo pamachita chipwirikiti. Maikolofoni ya hi-hat kapena ya snare yokha ndi imene iyenera kupita kumeneko.

Copeland ankamanganso snare yake mothina kwambiri kuti izilira mokwera ndi mwachidule, ndipo ankakonda timasimbale ting'onoting'ono ta splash timene timalira n'kuzima msanga. Zonsezi n'zosankha za munthu amene akudziwa kuti mawu okhalitsa amadya malo a anzake.

Zenyatta Mondatta, 1980

Chimbale chachitatu chinajambulidwa mothamanga, ndipo eni ake akhala akudandaula nacho. Kumayambiriro kwa 1980 anali atazungulira dziko, kuphatikizapo malo amene magulu a rock sankapitako kawirikawiri monga Bombay ndi Cairo. Msonkho wa anthu opeza ndalama zambiri ku Britain unali wokwera, 83 peresenti mpaka 1979 ndipo 60 pambuyo pake, choncho Sting ndi Summers anasamukira ku Ireland ndipo chimbale chinayenera kujambulidwa kunja. Anapita ku Wisseloord Studios ku Hilversum, m'dziko la Netherlands, mu July ndi August 1980, ali ndi Nigel Gray yemwe uja. Anali ndi masabata pafupifupi anayi, ndipo pakati pake anachokapo kukaimba ku Milton Keynes ndi ku Ireland. Anamaliza m'bandakucha wa tsiku lomwe ankanyamuka ulendo wina wa mashoo.

Ngakhale zinali choncho, "Don't Stand So Close to Me", yonena za mphunzitsi ndi mtsikana wa sukulu, inakhala singo yogulidwa koposa ku Britain mu 1980, ndipo iyo ndi "De Do Do Do, De Da Da Da" zinalowa mu khumi zapamwamba ku America. Mkangano unali utayamba kale kuonekera. Nyimbo ya Summers yopanda mawu, "Behind My Camel", Sting anakana kuiimbira besi, Summers anaiimba yekha, ndipo nyimboyo inadzapata Grammy.

Ghost in the Machine, 1981: demo ilowa pakati

Apa anasiyana ndi Gray n'kutenga Hugh Padgham, injiniya wachinyamata amene anali atatchuka ndi kamvekedwe ka ng'oma pa zimbale za Peter Gabriel ndi Phil Collins. Anapita ku AIR Studios pa chilumba cha Montserrat ku Caribbean, situdiyo ya George Martin, wojambula wa The Beatles. Chimbalecho chinadzaza ndi masinthesaiza ndi malipenga a saxophone amene Sting anaimba yekha, kuwasanjikiza pa mathiraki angapo.

Kusintha kwenikweni sikunali zidazo. Kale Sting ankabwera ndi mawu, nyimbo ndi makodi, ndipo atatuwo ankamanga zotsalazo m'chipinda chimodzi. Ndi mmene bossa nova ija inasandukira tango. Tsopano ankabwera ndi demo, chitsanzo cha nyimbo chojambuliratu, yokonzedwa bwino, mbali ya chida chilichonse ili kale m'malo. Demo yotere ili ndi msampha wodziwika kwa aliyense wogwira ntchito mu situdiyo: wolemba nyimbo amaimvera kambirimbiri mpaka khutu lake limazolowera, ndipo china chilichonse chosiyana nayo, ngakhale chabwino, chimamveka ngati cholakwika. Anzake amasanduka aganyu obwereza zimene makina anaimba.

"Every Little Thing She Does Is Magic" ndi umboni wake. Sting anajambula demo yake ku Le Studio, ku Quebec m'dziko la Canada, ndi woimba kiyibodi Jean Roussel. Ku Montserrat anayesa kuiimba mwa njira zosiyanasiyana kuti imveke ngati ya gululo, koma palibe imene inaposa demo. Mapeto ake Copeland ndi Summers anangoimba pamwamba pa demo yomweyo. Inafika pa nambala 1 ku Britain ndi 3 ku America, ndipo gitala yake muyenera kuisakasaka kuti muimve. "Invisible Sun", yokhudza mavuto a ku Northern Ireland, inafika pa 2 ngakhale BBC inakana kuonetsa kanema wake.

Synchronicity, 1983

Anabwerera ku Montserrat mu December 1982. Aliyense anali m'chipinda chake: Summers mu situdiyo, Sting m'chipinda cha makina besi yake italumikizidwa molunjika ku desiki, Copeland m'chipinda chodyera cha pamwamba, akuonana ndi anzake pa kanema. Panali chifukwa chomveka cha ntchito. Zida zikakhala m'chipinda chimodzi, maikolofoni ya ng'oma imatola gitala ndipo ya gitala imatola ng'oma, moti sungakonze cholakwika cha mmodzi osakhudza mnzake. Komanso chipinda chodyeracho, cha matabwa ndi denga lalitali, chinkapatsa ng'oma mawu amoyo kuposa situdiyo yotsekedwa ndi zofewa, ngakhale munkatentha kwambiri. Koma kunalinso kulekanitsa anthu amene sankapirirana. Ntchito inatsala pang'ono kuimitsidwa mpaka Miles Copeland anachita kukhala nawo pansi.

"Every Breath You Take" Sting anailemba ku Jamaica, pa nyumba ya Goldeneye imene kale inali ya Ian Fleming. Makodi ake ndi akalekale, oyamba, achisanu ndi chimodzi, achinayi ndi achisanu a sikelo, amene nyimbo zachikondi za m'ma 1950 zinkayendera. Demo yake inali ya organ. Ng'oma zake sizinamenyedwe ulendo umodzi: Sting ankafuna kugunda kosasunthika, Copeland ankafuna kusewera ndi hi-hat monga mwa chizolowezi chake, ndipo mapeto ake zinasonkhanitsidwa chidutswachidutswa, ng'oma yaikulu kuchokera mu makina a Oberheim DMX, snare payokha, masimbale paokha. Chimene chinaipatsa nkhope ndi gitala. Summers, amene nthawi imeneyo ankaphunzira nyimbo za Béla Bartók za mavayolini awiri pokonzekera ntchito yake ndi Robert Fripp, anatenga makodi ake aja a nambala 9 n'kuwaimba noti imodziimodzi, ndipo anajambula ulendo umodzi wokha. Kagwiridwe koyamba ndi mafureti 5, 7, 9 ndi 6 kuyambira pa nsambo yaikulu ya E, m'mphepete mwa chikhatho chamanja mutagona pang'ono pa nsambo pafupi ndi bridge, pamene nsambo zimakhazikika pa thupi la gitala, kuti manoti azimveka ogontha. Chikhatho chikapanikiza kwambiri noti imafa, chikachoka nyimbo imataya kuzizira kwake. Pa lekodi nyimboyi imamveka theka la sitepe pansi pa A, ndiye woimba motsatira lekodi ayenera kutsitsa nsambo zonse theka la sitepe.

Nyimboyi inakhala masabata 8 pa nambala 1 ku America ndi 4 ku Britain, inapata Grammy ya nyimbo ya chaka mu 1984, ndipo mu 2019 bungwe la BMI, lotolera ndalama za olemba nyimbo ku America, linailengeza kuti ndi yowulutsidwa koposa pa wayilesi mwa nyimbo zonse zimene limayang'anira. Anthu amavinira pa maukwati, chikhalirecho ndi mawu a munthu wansanje wolondalonda amene anamusiya. Chimbalecho chinakhala masabata 17 pa nambala 1 ku America, m'chaka chomwe Thriller ya Michael Jackson inkalamulira. Nyimbo ya "Murder by Numbers" inali pa kaseti ndi pa CD ya chimbalechi, koma osati pa lekodi yake. Mbali imodzi ya lekodi ya vinyl ikapitirira mphindi pafupifupi 22 mizere yake imayenera kupanikizidwa, ndipo mawu amatsika, besi n'kuchepa mphamvu.

Mu August 1983 anaimba ku Shea Stadium ku New York pamaso pa anthu pafupifupi 70,000. Ulendowo unathera ku Melbourne mu March 1984, ndipo aliyense anatsata zake popanda kulengeza kuti gulu latha. Mu June 1986 anaimba mashoo atatu a Amnesty International ku America, n'kulowa mu situdiyo mwezi wotsatira, koma Copeland anathyoka fupa la paphewa atagwa pa hatchi. Popanda womenya ng'oma, anakangana za makina oti apangire kugunda, Sting akufuna Synclavier, Copeland akufuna Fairlight, ndipo chimene chinatuluka chaka chimenecho ndi "Don't Stand So Close to Me" yojambulidwanso. Copeland anapita ku nyimbo za mafilimu, ndipo mu 1985 anali atatulutsa The Rhythmatist ndi Ray Lema wa ku Congo. Sting, ali payekha, anaimba ku Harare mu October 1988 pa ulendo wa Amnesty International wotchedwa Human Rights Now! Atatuwo anadzakumananso pa ulendo wa 2007 mpaka 2008, umene unathera ku Madison Square Garden, koma sanajambule nyimbo yatsopano.

Gitala ija ndi ya ndani

Nyimbo yojambulidwa ili ndi umwini pawiri. Pali umwini wa nyimbo yolembedwa, kutanthauza mawu ndi kaimbidwe kake, ndipo pali umwini wa chojambulidwacho. Ndalama za kuwulutsa pa wayilesi, makamaka ku America, zimapita kwambiri kwa wolemba. Mbali ya gitala kapena ya ng'oma, ngakhale itakhala ndiyo imene anthu amazindikirira nyimboyo, nthawi zambiri imawerengedwa ngati kakonzedwe chabe, pokhapokha oimbawo atagwirizana kulemba dzina la mnzawoyo ngati wolemba nawo. Pa "Every Breath You Take" palembedwa dzina la Sting lokha.

Nkhaniyi inafika poipa mu 1997 pamene Puff Daddy ndi Faith Evans anatulutsa "I'll Be Missing You" pokumbukira The Notorious B.I.G. Chimene anatenga moonekeratu ndi gitala ya Summers ndi kaimbidwe ka kolasi, ndipo ndalama za wolemba zinapita kwa Sting. Kuyambira m'masiku oyambirira atatuwo anali ndi mgwirizano woti wolemba nyimbo azipatsako anzake gawo lina, 15 peresenti, ngati malipiro a kukonza nawo nyimboyo. Mu 2022 Sting anagulitsa nyimbo zake zonse zolembedwa ku Universal Music Publishing. Mu 2025 zinamveka kuti Summers ndi Copeland akamusumira ku High Court ku London, ndipo pakati pa mlanduwo panali funso loti kodi gawo lija, limene anagwirizana m'nthawi ya malekodi ndi makaseti, likukhudzanso ndalama za nyimbo zomvera pa intaneti.